Kapulana ya a Cândido

Mukafika ku Assumane n'kufunsa za a Cândido okonza njinga, anthu adzakuyankhani kuti, "Oo, a kapulana aja?" Dzinali, la nsalu yoberekera mwana, linawakanirira, ngakhale mwana amene ankamubereka kumbuyo uja pano ndi wamkulu ndipo amathamanga ngati mbuzi yomasulidwa. Ine ndine Brígida. Ndimagulitsa mbatatesi ndi nyemba m'mbali mwa msewu, ndipo kashedi kawo kali pafupi ndi thebulo langa moti sipanala ikagwa ndimatola ndine. Choncho izi sindinachite kumva kwa anthu.

A Cândido ndi munthu wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, wa zala zakuda ndi girizi zimene sopo anazilephera kalekale. Njinga za alimi a ku Lione, zija amazisenzetsa matumba mpaka masipoko kuduka, zonse zimathera kwa iwo. Anakwatira Noémia, mtsikana wanzeru wa ku Lulimile, amene panthawiyo anali atangopeza malo kusukulu ya uphunzitsi m'tauni muno.

Nkhani yokhala ndi mwana anaikambirana ine ndili pomwepo, Noémia atawabweretsera chakudya chamasana.

"Ine mwana ndikumufuna, koma mathero ake ndikuwadziwa," anatero Noémia. "Mana wanga Lucinda, mkulu wanga uja, anasiya shikola, maphunziro onse, ali ndi mimba, ati adzabwerera mwana akakula. Mpaka lero akulerabe."

"Ndiye tidikire mumalize kaye," anatero a Cândido.

"Kudikira mpaka liti? Amayi anu amandiyang'ana pamimba ngati ndawabisira kanthu. Komanso ndanena kale, inenso ndikumufuna."

A Cândido anapitiriza kupala chubu chimene ankamata. Atachiuzira kuti chiume anati, "Inu mudzamunyamule m'mimba. Akatuluka, msana ndi wanga."

Ndinaseka mpaka misozi. Malonjezo a amuna ndawamva ambiri. Wanga anandilonjeza nyumba yamalata, koma mpaka pano mvula ikagwa timasuntha mphasa.

Mwana anabadwa wamkazi, anamutcha Lénia. Noémia atapeza mphamvu anabwerera kusukulu. M'mawa wina wa m'nyengo yozizira, nkhungu ili tolo, ndinangoona a Cândido akutulukira atavala jekete, pamwamba pake atamanga kapulana yamaluwa achikasu, kamutu ka chipewa chaubweya kakusuzumira paphewa. Mfundo anamanga yokhota ngati akumanga thumba la makala. Ndinawakalipira, n'kuwamasula, n'kuwaonetsa mmene timamangira. Sanachite manyazi. Anandiuza kuti ndibwereze kuti aone bwino.

Anyamata a njinga zamoto sanawasiye. Ankaima dala pashedipo n'kumafuula kuti, "Mayi Cândido, mwayamwitsa kale?" Iwo ankangoti, "Ndikamaliza tayala ili." Nthawi yopuma kusukulu ikayandikira ankasamba m'manja, n'kupalasa mpaka pageti kuti mwana akayamwe, kenako n'kubwerera kudzapitiriza ntchito. Onyoza aja anatopa okha. Munthu amene sakwiya sakoma kumunyoza.

Vuto linachokera kumene sitinkayembekezera. Lénia anayamba kukhala pansi yekha, Noémia kulibe, ndipo mayi akewo anachita kumva kwa ine. Dzino loyamba analipeza ndi bambo ake. Kukwawa anayambira pakati pa matayala akale. Choipa kwambiri chinali chakuti madzulo mayi ake akamunyamula, mwana ankalira n'kumatambasulira manja kumsana wa bambo ake.

Tsiku lina Noémia anaima pathebulo langa ngati akusankha nyemba, koma maso ali ofiira.

"Mana Brígida, nkhani za mwana wanga ndimamva kwa anthu ngati za pa wailesi," anatero. "Ndidzaphunzitsa bwanji ana a eni, wanga asakundidziwa? Akayamba kuyenda ine kulibe, basi, shikola ndisiya."

"Ndi ezame ili pafupiyi, mayeso anu omaliza?"

"Ngakhale ikhale mawa."

Anandimvetsa chisoni, komanso anandiopsa, chifukwa Noémia akanena chinthu amachita. A Cândido anamva zonse. Anali atawerama panjinga ina, ndipo ndinaona sipanala itaima m'manja mwawo.

Sipanapite nthawi yaitali. Tsiku lina pakati pa sabata, dzuwa litatentha, a Cândido anamutsitsa Lénia n'kumukhazika pathumba. Mwana anagwira tayala la njinga, n'kuimirira monga ankachitira masiku onse. Kenako analisiya. Anayamba kudzandira pafumbi lofiira lija, manja ali m'mwamba, kulunjika pathebulo langa pamene panali tomato. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiimbe nthungululu, koma a Cândido anakweza dzanja. Nkhope yawo sindidzaiiwala. Anali osangalala kwambiri, koma analinso ndi mantha. Anamudikira mwana mpaka anagwa chokhala, kenako anamunyamula msangamsanga n'kumuponya kumbuyo.

"Mana, simunaone kanthu," anatero.

"Maso ndili nawo, a Cândido."

"Mpaka Lamlungu mukhale ngati mulibe. Chonde."

Panalinso mkulu wina wachisilamu wa ku Lione, mwini njinga ija. A Cândido atamuyang'ana, iye anagwira ndevu zake nati, "Wallahi, ine ndimayang'ana tayala langa."

Amene analerapo mwana akudziwa kuti mwana akalawa kuyenda safunanso kumbuyo. Masiku otsatirawo Lénia anawazunza bambo ake. Ankawaponda m'nthiti, kuwakoka makutu, kulira mpaka mawu kusasa. Iwo ankamata machubu ali chiimire, akudzigwedeza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Kunyumba madzulo sankamutsitsa, ati pansi pazizira mwana angadwale chifuwa. Noémia anabwera kudzandidandaulira kuti bambo a Lénia akumulera mwana mwachisasati. Ine ndinangovomera kuti amuna ndi otero.

Kunena zoona, munthu uja ndinamupatsa ulemu sabata imeneyo. Bambo wina aliyense akanayenda msewu wonse kuuza anthu kuti mwana wake wayendera pamaso pake. Amene anavutika naye m'mawa wozizira ndi iwo, amene anasekedwa ndi iwo, ndipo chisangalalo chimenecho chinali chawo ndithu. Koma anachimeza.

Lamlungu titaweruka ku Misa anandiitana kwawo, ati tikamwe tiyi. Noémia anakhala pamphasa pabwalo akusankha nyemba m'lichero. A Cândido anamasula kapulana, n'kumuimika mwana pafupi ndi mpando, iwo n'kupita kukaima kuseri kwa mayi ake ngati akufunafuna chinachake. Lénia, amene anali atamangidwa masiku onse aja, sanachedwe. Anasiya mpando n'kudzandira molunjika, mpaka kukagwera pachifuwa pa mayi ake. Nyemba zinamwazika bwalo lonse.

"Wayenda! Bambo a Lénia, wayenda! Wabwera kwa ine!"

Noémia ankalira ndi kuseka nthawi imodzi. A Cândido anagwira m'mutu n'kumati, "Aa! Zoona? Aa!" Kunama sadziwa bambo aja, moti ndinachita kuimba nthungululu mokweza kuti ndiwaphimbe. Lolemba Noémia anapita kusukulu. Mayeso analemba, anakhoza, ndipo pano ndi mphunzitsi kusukulu ina kutsidya kwa tauni.

Chaka chino Lénia wakwana zaka zoyamba sukulu. Mu Januwale, nthawi yolembetsa ana, Noémia anakhala pabenchi langa tikukambirana zimene makolo onse amakambirana: sukulu iti ili ndi mabenchi, iti ana amadzaza mpaka pakhomo, iti mphunzitsi amabwera mvula ikagwa. A Cândido anali atapita kukagula zigamba za machubu.

"Nanga inu mukuvutikiranji?" ndinamufunsa. "Mupite naye kumene mumaphunzitsa. Kumeneko n'kwabwino, ndipo azikhala m'maso mwanu."

"Ayi, ndamulembetsa yapafupiyi. Azidutsa pano popita ndi pobwera. Ndipo tsiku loyamba ine sindipita nawo, amuperekeze bambo ake."

"Inu? Amene munkafuna kusiya shikola chifukwa cha dzino?"

Noémia anaseka, kenako anayang'ana kushedi kuja. "Mana, mwana uja ndinkamusambitsa ndine madzulo. Mwana wokwawa amada maondo. Tsiku lina pakati pa sabata ndinapeza kunsi kwa mapazi kuli kofiira, fumbi mpaka m'zala."

Zaka zonsezi ndinkadziona ngati katswiri wosunga chinsinsi.

"Ndinalira m'bafamo," anapitiriza. "Ndinati mawa sindipita. Koma nditatuluka ndinawapeza bambo ake ataima pakhonde, akundilanda mwana kuti pansi pazizira, makutu ali ofiira ndi kukokedwa. Ndinati ndione kuti afika nazo pati. Munthu wovutika chonchija kuti ine ndisasiye, ndikanasiya bwanji? Tsiku lija linali lawo, anandipatsa ine. Ili likhale lawo. Koma musawauze, mana."

Tsiku lotsegulira sukulu kunacha ndi mvula yowaza. Ndinawaona akubwera, Lénia ali mu yunifolomu yaikulu ngati yobwereka, a Cândido atavala malaya a ku Misa. Kapulana yamaluwa achikasu ija, yofwifwa tsopano, anali atamufunditsa mwana kumutu kuti asanyowe. Atafika pathebulo langa anaima.

"Amayi ake akuti atanganidwa ndi ana a kalasi yawo," anatero motsitsa mawu, akuoneka kuti akuwamvera chisoni. "Ndiye mukawaona musawauze zambiri za lero. Angadandaule kuti aphonya."

Ndinati sindinena kanthu. Anamugwira mwana dzanja n'kupitiriza ulendo, akuyenda pang'onopang'ono kuti msewu usathe msanga.