Lamba Wolira Pakhomo pa Sitolo

M'lole ya amalume munkakhala chidutswa cha sopo wochapira, chokumbika pakati ngati chalumidwa ndi khoswe wa dzino limodzi. Sichinachapepo chovala. Ntchito yake inali kutontholetsa lamba wa injini, amene chilimwe chimenecho anayamba kulira m'mawa uliwonse mpaka agalu a ku Soche konse kumayankha. Amalume ankakhudzitsa sopoyo pa lamba injini ikuzungulira, phokoso n'kuleka. Tikangofika pa mtunda woyamba, n'kuyambiranso.

Inali nthawi ya Chitaganya, azungu akulamulirabe dziko. Ine ndinali nditasiya sukulu, aphunzitsi atagamula kuti mutu wanga ndi wosenzera njerwa. Ndinawamvera. Ndinkayenda ndi amalume kututa njerwa ku uvuni wa ku Chimwankhunda, kupita nazo ku nyumba zimene zinkamangidwa ku Mpingwe. Kuwerenga ndinkadziphunzitsa pa zitini za mafuta ndi pa matayala. Mpaka lero ndimadziwa mawu ambiri a Chingerezi amene sindinamvepo munthu akuwatchula, ndipo ndikawatchula ine, adzukulu amatuluka panja mwaulemu kukasekera kuseri.

Amalume sankakonza chinthu mongoganizira. Loweruka lina anatsegula boneti, analiza injini, nandiuza kuti ndithire madzi pang'ono pa lamba. Kulira kunaleka, kenaka kunabwerera. "Kukanapitirira, bwenzi ili pampu ya madzi kapena dainamo," anatero. "Koma wamwa madzi n'kukhala chete. Ndi lamba." Anazimitsa injini n'kumudina ndi chala chachikulu, ndipo analendewera ngati chingwe choyanikira zovala. Anamasula mabawuti, anakankha dainamo ndi chitsulo kuti lamba akungike, koma dainamoyo inali itafika kale pothera njira yake. M'mbali mwa lamba munali monyezimira ngati buluku lakale la kalaliki, muli timing'alu tating'onoting'ono. Anali atatha. Akanaduka pa mtunda, injini ikanawira, ndipo lole yokalamba ngati ija ikawira kamodzi sidzukanso. Ndiyo inkatidyetsa tonse pakhomo paja.

Lamba wa saizi imeneyo ankapezeka m'sitolo imodzi yokha ku Limbe, ya mzungu. Azungu ankalowa pakhomo n'kukasankha pa kauntala. Ife tinkagulira pa kazenera ka kumbali, koyang'anana ndi ngalande. Amalume anali atalumbira kuti pamenepo sadzaimaponso. Ankati bambo awo anayenda wapansi kuchokera kwa Apwitikizi kuthawa chikoti, osati kudzafunafuna zenera.

Amayi analibe nazo nthawi zimenezo. "Achimwene, kulumbira kwanuko sikuzungulitsa injini," ankatero. Tsiku lina amalume ali ku maliro, amayi anamasula ndalama pa nsonga ya nsalu n'kundituma mwakachetechete. Nambala ya lamba ndinali nditaiwerenga ndekha, ndipo ndinailemba ndi khala pa mkono. Ndinayenda mpaka ku Limbe mkono uli m'mwamba kuti thukuta lisafufute maphunziro anga.

Pazenera panali kalaliki wachikuda, bambo wachikulire wa tayi. Analowa mkati, nabwera ndi lamba. Ndinawerenga, ndipo nambala inali ina. Nditawauza, anayankha motsitsa mawu, osandiyang'ana: "Ndi yemweyo, mwanawe. Bwana wanena." Ndinayesa Chingerezi changa cha pa zitini. Zenera linatsekedwa ndisanamalize. Wogulira pazenera sasankha, ndipo chotulukira pazenera sichibwerera.

Madzulo amalume anachotsa lamba wakale pa injini, nayala watsopanoyo pamwamba pake. Anali wamtali kuposa ngakhale wotanuka uja. Amayi anayang'ana pansi. Ine ndinkadikira khofi. Iwo anangoti, "Mawa uvale malaya ochapa."

M'mawa mwake, atabwezera lamba wakale pa injini, anaimika lole pakhomo penipeni pa sitolo ija, naika mwala ku tayala. Anatsegula boneti n'kumasulanso dainamo pang'ono, dala. Kenaka analiza injini, nandikhazika pa mpando wawo.

"Mphwanga, ukaona ndalowa, ponda moto. Usasiye mpaka nditatuluka, kapena atanditulutsa."

Miyendo inali yaifupi, choncho ndinakhalira m'mphepete mwa mpando, nditakangamira chiwongolero. Ndinaponda. Lamba analira ngati nkhumba khumi zikuphedwa tsiku limodzi. Atelala a m'makhonde anaimitsa makina awo. Amwenye anatuluka m'masitolo atagwira m'makutu. Fungo la mphira wopserera linadzaza m'lole mpaka kumandiyabwa kukhosi.

Pakhomo ndinkawaona amalume ataima pa kauntala, chipewa chili kumutu, lamba wolakwika uja atamuyala patsogolo pawo. Mzungu analoza kumbali, kuzenera. Amalume anaika dzanja ku khutu, napukusa mutu: sakumva. Mzungu anafuula, nkhope itafiira. Amalume anapendeketsa mutu mwaulemu wonse, dzanja lili ku khutu. Dona wina anataya zimene ankagula n'kutuluka. Mzungu ananyamula telefoni, nalankhulamo ataphimba khutu linalo. Kaya ankaitana apolisi, kaya iwowo anamva chilichonse, sindinadziwe. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti masiku amenewo anthu ankatengedwa pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo.

Kutsogolo kunayamba kutuluka nthunzi. Ndinkadziwa tanthauzo lake, ndipo phazi linafuna kubwerera, koma ndinali nditauzidwa. Apo ndinaona kalaliki uja akukoka makwerero popanda womutuma. Anakwera, anatsitsa lamba wina, namuika pa kauntala, kenaka anabwerera ku zenera lake. Mzungu anayang'ana lambayo, anayang'ana pakhomo pomwe anthu anali atadzaza, namukankhira lambayo kwa amalume ndi kuseri kwa dzanja.

Amalume anatuluka osathamanga. Anazimitsa injini okha, ndipo Limbe yense anakhala ngati wagontha. Anandipatsa lambayo.

"Werenga."

Ndinawerenga mokweza, kuti atelala amve kuti pali munthu wophunzira.

"Ndi yemweyo?"

"Ndi yemweyo, amalume."

Anadikira injini izizire, kenaka anamangira pomwepo, pakhomo pa sitolo. Anakoleka lamba, anakankha dainamo, anadina ndi chala mpaka atakhutira. Sipanala inawagwa katatu, ine ndikuwatolera. Ataliza injini, inangomveka kupuma kwake kwakale kuja, popanda kulira.

Pobwerera ndinalongolola njira yonse za mmene ndinapondera moto.  Titayandikira ku Soche amalume anaima m'mbali mwa msewu, anatsika, napita kuseri kwa lole. Ndinawamva akusanza. Atabwerera anakhala kanthawi atagwira chiwongolero, malaya atanyowa kumsana.

Kunyumba ndinathamangira kukauza amayi kuti amalume adwala ndi utsi wa mphira. Amayi anawayang'ana achimwene awo kwa nthawi yaitali, kenaka anatunga madzi m'chikho n'kuwapatsa atagwada, ndi manja awiri. Ine ndinaima pambali kudabwa kuti utsi womwewo, umene ndinaupuma kwambiri kuposa iwo, sunandichite kanthu. Ndinagona ndikukhulupirira kuti pa anthu awirife, wa chifuwa cholimba ndinali ine.