Foni Imene Inaphunzira Chitenje

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi ndinkayesa kuti zophunzitsa ndathana nazo. Koma chaka china anthu a bungwe lina anafika kwathu ku Kabudula n'kundipatsa foni, ati ndithandize kuiphunzitsa kuzindikira chimanga chogwidwa ndi mbozi za ntchemberezandonda. Mayi amene ankawatsogolera anafotokoza kuti makinawo sauzidwa malamulo. Umangowaonetsa zithunzi zambirimbiri, ichi chodwala, ichi chabwino, mpaka atulukire okha chimene chikusiyanitsa. Sindinadabwe. Ana a sitandade wani ndinkawaphunzitsa chimodzimodzi: iyi ndi mbuzi, iyinso ndi mbuzi, uyu ndi galu.

Ndinayenda dzinja lonse m'matope, ine munthu wa nyamakazi. Chinavuta ndi khalidwe lathu. Munthu wakwathu chimanga chake chikachita bwino amakukokera yekha kumunda: "Jambulani apa aphunzitsi, jambulaninso apo." Chikadwala salola kuti wina apondemo. Ena ndi manyazi, ena amaopa kutchedwa alesi. Ndiye ankangothyola masamba odyedwawo n'kubwera nawo kutchalitchi tsiku la mapemphero a amayi. Tikaweruka, wina ankayala chitenje pansi, ine n'kumajambula. Ndinatumiza zonse n'kuiwalako.

Chaka chotsatira anatiuza kuti foni ija yaphunzira. Alamu anga, akazi a malemu achimwene, ali ndi munda umodzi wokha, ndipo ndi umene umadyetsa iwo ndi adzukulu awo amasiye. Tsiku lina anandiitana.

"Alamu, tabwerani ndi foni yanu ija. Masambawa akundikayikitsa."

Pamasambapo panali timabowo ting'onoting'ono. Kuti agule mankhwala anayenera kugulitsa mbuzi yawo, imodzi yokhayo. Ndinaloza foni paphesi loyamba, inati chimanga chili bwino. Lachiwiri, chimodzimodzi. Tinatsata mizere mpaka kumalire, yankho osasintha. Ine mtima sunakhazikike ndipo ndinawauza.

"Inu maso anu ndi awiri basi," anatero. "Iyi yaona minda ya anthu onse, eti?"

Ankafuna mbuzi yawo ikhale m'khola, ndipo sindingawanene. Mwezi usanathe, munda wonse unali ngati wapunthidwa ndi matalala.

Mayi wa bungwe uja atabweranso tinamudandaulira. Anayang'ana zithunzi zanga nthawi yaitali. Kenako anathyola tsamba lobiriwira bwinobwino, lopanda ndi kabowo komwe, n'kuliika pachitenje chake. Foni inati ladwala.

"Yaphunzira chitenje," anatero motsitsa mawu.

M'zithunzi zonse, chimanga chodwala chinali pansalu, chabwino chili chiimire m'munda. Wophunzira wanga anagwira chimene chinkabwerabwera nthawi zonse, monga amachitira mwana aliyense womvera. Ndinafuna kukwiya koma ndinasowa womukwiyira. Ndinangomva kutopa mpaka m'mafupa.

Mayiyo anapempha kuti tiyambirenso, koma tsopano tizijambula chimanga chodwala m'munda momwemo. Anafunsa amene angatilole kulowa m'munda mwake. Anthu onse amene anasonkhana pamenepo anangoyang'ana pansi. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, alamu anga anadzuka n'kukonza mpango wawo.

"Bwerani kwanga," anatero. "Manyazi andithera ine. Jambulani phesi lililonse, mwina iphunzira. Mbuzi ija ndiigulitsabe, koma tsopano ndi yogulira chimanga."