Pikapu yanu yapendekera kumanzere

Achimwene, lero makaniko wa ku Makwasa wandifunsa funso limene mukanayankha inu nokha. Wayang'ana pansi pa pikapu imene munandisiyira, pa zitsulo zija munaika zokwezera kutsogolo kuti isamagunde pansi m'misewu ya m'minda ya tiyi. Akuti mbali ya dalaivala munawonjezerako kachitsulo kena, n'chifukwa chake galimotoyi imapendekera kumanzere. Funso lake n'lakuti munachitiranji zimenezi.

Ndakumbuka tsiku munkaziika lija. Munatsitsa jeke n'kundiuza kuti ndiike kapu yanga ya tiyi pa boneti. Kenako munkalowa, kukhala pa chiwongolero, n'kufunsa kuti, "Mlongo, tiyiyo wapendama?" Ndikati eya, munkatuluka n'kukwawiranso pansi. Ine ndinkangodandaula kuti tiyi wanga akuzizira. Kodi munkayeza mwadala muli m'kati, poti munali munthu wathupi? Anakuphunzitsani zimenezo ndani? Papita zaka zinayi chimwalirireni inu, ndipo ndadziwa lero kuti galimotoyi imawongoka pokhapokha mutakhalamo.

Makanikoyo akuti akachotsa kachitsuloko, matayala asiya kudyeka mbali imodzi. Ndamuuza kuti ndiyambe ndaganiza, ndipo ndabwera nayo kunyumba ikadali yopendekera.