Njinga pa Thewera

Sikisi koloko m'mawa Lachitatu inakwana mlamu wanga atayala kale manyuzipepala pakhonde, ine ndikufunafuna beseni losambitsira mwana. Ndinalipeza lili ndi madzi abuluu.

Mlamuyu ndi mlongo wa amuna anga, amaphunzira zojambula ku koleji ndipo amakhala kwathu. Achimwene ake amamutcha a Penti, poti chibwerereni zala zake sizinayerepo. Teremu ino anauzidwa kudinda chithunzi chimodzi pa zinthu zisanu zosiyana. Akapanda kupereka zonse Lachisanu, abwereza chaka.

Chida chake ndi felemu yathabwa yokungidwa kansalu ngati sefa, ndipo chithunzi cha njinga chili pakansalupo. Amathira penti n'kukoka ndi labala, pentiyo n'kudutsa m'timabowo. Pa katoni zinatheka tsiku lomwelo. Pa thabwa masipoko anagwirana, gudumu n'kukhala ngati chivundikiro cha poto, mpaka anachita kulipala masiku awiri. Lata ndi galasi zinamudyera sabata yathunthu.

Nsalu, imene ankati njosavuta, ndiyo inamusowetsa mtendere. Aphunzitsi anati adzaichapa kalasi yonse ikuona. Iye anagula yatsopano, yoyera, youma gwa. Akadinda n'kusita inkakongola, koma akangoichapa njinga yonse inkatsalira m'beseni langa.

"Mlamu, nsalu yatsopano imayamba yachapidwa," ndinamuuza. "Ili ndi sitachi, ngakhale madzi amachedwa kulowa."

"Izi n'zakusukulu mlamu, si zochapa zovala," anandiyankha osatembenuka.

Ndinangosiya. Ine ndinalekezera pulayimale.

M'mawa umenewo anadula chidutswa chomaliza. Poopa kuchiononga, anayamba wayesera pa thewera la mwana wanga limene anatsomphola pachingwe, n'kuliponya palata lotentha ndi dzuwa. Matewera ndili nawo sikisi basi. Madzulo chidutswa chake chinasuluka ngati zinzake. Anaponya labala kumpanda n'kukhala pansi, mutu uli pamaondo, osafuna ngakhale madzi akumwa.

Ine thewera lija ndinalipeza litauma. Ndinaliviika, kulipaka sopo, kulifikisa mpaka manja kutentha. Njinga osachoka. Ndinapita nalo pakhonde mtima uli m'mwamba.

"Taonani zimene mwachita! Mwana avala chiyani mvula ikagwa?"

Amuna anga anasuzumira pazenera. "Mwana wanga wagula njinga asanayambe kukwawa. Zikomo a Penti."

Palibe anaseka. Mlamu anandilanda theweralo, kuliyang'ana padzuwa, n'kuyamba kuwerenga masipoko ndi chala. Onse analipo.

"Mwalichapa ndi sopo?"

"Katatu."

"Ndipo chiligulireni lachapidwa kangati?"

"Mwana ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Werengani nokha."

Thewera lija linali ndi zidindo za zala komanso dontho pakona, silikanapita kusukulu. Nsalu ina analibe, ndipo linatsala tsiku limodzi. Anatola labala kumpanda kuja, kulipukuta ndi siketi, n'kubwera kudzaima pafupi nane ngati mwana woswa kapu.

"Mlamu, ndipatseniko lina, lakale kwambiri, lopanda chigamba. Mawa mundigwirire felemu inuyo, kuchapa koyesera muchapenso inuyo. Koma aphunzitsi akadzafunsa kuti nsaluyi inkagwira ntchito yanji, musadzawauze."