Ndinadya Mbale Imodzi ndi Malemu

Ndikukumbukira tsiku limene mudzi wathu ku Kande unasiya ntchito n'kukhala pansi kudikira kuti ndife. Ndinali sitandade folo, ndipo chichokereni sindinapatsidwenso ulemu wotere, ngakhale ku koleji komwe ndinangolawako.

Abambo aakulu, a Mhone, anali munthu wokoka bwato yekha. Masana amenewo anadya kwathu kondowole ndi usipa, ine ndi iwo mbale imodzi. Atasamba m'manja anapita kukasoka ukonde, n'kugwa chafufumimba pamchenga. Osadwala, osatsanzika.

Azakhali sanachedwe kupeza matenda. Anati amayi anavuula chinangwa chowawa m'madzi ululu usanatuluke, mwina mwadala. "Maliro akatha mulongedze, alamu. Ana musiye."

"Nanga mwanayu sanadye nawo?" anafunsa amayi.

"Ndiye tione."

Anandiyalira mphasa pansi pa mango. Ndikayasamula, azimayi ankasendera pafupi. Nditageya, mayi wina anayamba nyimbo ya kutchalitchi. Anandimwetsa mkaka kawiri, ine osakana. Amayi anandigwira phazi mpaka kulowa kwa dzuwa, dzanja lawo lozizira, likununkha chinangwa choviika.

Sindinafe. Azakhali anati ana ndi olimba m'mimba.

Wapolisi wina wa m'dera lathu, kwawo ku Dedza, atamva za poizoni, anati mtembo ukayezedwe kuchipatala. Achibale anakana, ati munthu sang'ambidwa ngati nsomba yoyanika. Abambo anga anayang'ana amayi, n'kuvomera.

Mawa lake wapolisi uja anabwera ndi yankho la adokotala: m'mimba munalibe choopsa. Mtsempha wamagazi ndi umene unaphulika m'mutu, chifukwa cha BP imene malemu ankayenda nayo osadziwa. Akuti nthawi zambiri siipweteka, imangodikira.

Amayi anaseka kaye, pamaliro pomwepo, kenaka analira alamu awo koyamba, momasuka. Azakhali sanapepese. Sabata itatha anangofika ndi lichero kudzapempha ufa wa kondowole, amayi n'kuwadzazira.

Masiku ano ngakhale asodzi amakapereka mkono ku kiliniki kuti awamange kalamba kopopa kaja. Munthu wamkulu akagwa mwadzidzidzi, funso loyamba pasiwa limakhala lakuti, "Ankamwa mankhwala a BP?" Loti "Anadya kwa ndani?" likadalipo ndithu, koma limafika mochedwa, ndipo limanong'ona.