Matiresi a Amake Luso

Amake Luso, dzina lawo Jenet, amakhala khomo loyandikana ndi langa ku Luwinga, pamdadada wa zipinda za lendi. Ine ndimagulitsa matawulo ndi majuzi a kaunjika pamsika. Iwo amachapa zovala za ophunzira a ku yunivesite. Anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Balaka zaka zitatu zapitazo kutsatira amuna awo, a Tobias, amene amayendetsa lole ya matabwa ndipo pakhomo amaoneka kawiri pamwezi.

Ndi mayi wosadziwa kukhala pansi. Akamacheza nawe maso amakhala kumitambo, dzanja lili pachingwe kufinya mwendo wa buluku kuti amve ngati lauma. Tiyi amamwera chiimire.

Luso anabadwa kumapeto kwa Epulo, mvula yamawawa itakhazikika. Kuno ikayamba imeneyi, sabata imatha dzuwa osalionako bwino. Khoma la pakati pathu silifika kudenga, choncho usiku wawo unali usiku wanganso. Mwana akalira, ndinkamva akumuyamwitsa, kenako akudzuka, kusolola nsalu, kuyala ina, nthawi zina kukwakwaza matiresi kuti awatembenuze. Kanayi usiku uliwonse.

"Akamayamwa bere ili, linalo limangochucha lokha," anandiuza mmawa wina pampopi. "Ndikamati ndatseka kumeneko, thewera nalo lasefukira. Ndimadzuka ngati ndagona m'dambo."

Ndinawawerengera pomwepo. Anali ndi zitenje zisanu ndi ziwiri zoyala pansi pa mwana. Usiku umodzi zinkanyowa zinayi, ndipo chitenje m'nyengo imeneyi chimatenga masiku awiri kuti chiume, chikapeza malo pachingwe chodzaza majinzi a eni ake.

"Mukufunika khumi ndi ziwiri, asisi."

"Masamu ako ndawamva, Esme. Kawauzenso dzuwa."

Matiresi anali amodzi okha, a siponji, ndipo anayamba kununkha mkaka wosasa. Luso naye anayamba kutsokomola. A Tobias atabwera anagona usiku umodzi, nadzuka malaya atanyowa mbali yonse, ndipo popita anaimbira foni amayi awo. Lamlungu madzulo apongozi anaimba okha. Amake Luso anaika foni pokweza mawu chifukwa manja anali m'beseni, ndiye tonse pamdadada tinamva.

"Loweruka ndikubwera. Ndikapeza mdzukulu wanga akugona pachinyezi, tikwera basi tonse. Kuno ku Balaka kukutentha, nsalu imauma usanalowe m'nyumba. Mudzabwerera chisanu chikatha."

Chisanu chikatha ndiye kuti Ogasiti. Ophunzira khumi ndi anayi amene amawachapira anawapeza okha, kugogoda khomo ndi khomo, ndipo mayi wina wochapa zovala wa kudera la Geisha, a Angella, anali atayamba kale kuzungulira m'makomo omwewo ndi beseni pamutu.

"Mwana wa sukulu sadikira munthu," anatero amake Luso foni itaduka. "Ndikachoka miyezi itatu, ndidzapeza chingwe chokha."

Lolemba anayala pepala lakuda lapulasitiki, lija lofolerera denga, pansi pa nsalu. Matiresi sananyowe, koma madzi onse anaima pamwamba. Pepalalo linkachita phokoso mayi akangotembenuka, mwana n'kudzidzimuka, ndipo kutacha msana wa Luso unali ndi totupa tofiira. Lachiwiri anayesa kuumitsa zitenje ndi simbi yamakala. Anatha makala ositira malaya a anthu, zitenjezo n'kutuluka zofunda koma zachinyezi, fungo la mkaka litapsereramo.

Lachitatu mmawa ndikumanga mtolo wanga, ndinamva akundiitana ngati kwagwa zinazake.

"Esme! Tabwera, gwira ichi."

Inali juzi ya wophunzira wina, zofewa za nayiloni zija zokhala ngati ubweya.

"Yatsala pang'ono kuuma," ndinatero.

"Ndaifinya pompano. Tsono gwira jinzi iyi ya dzana."

Jinziyo inali yonyowa ngati yangochapidwa kumene.

"Zaka zitatu ndakhala ndikuyanika majuzi amenewa pomaliza, chifukwa sasunga madzi, amangowadutsitsa. Mutu wanga unali kuti? Uli nawo ong'ambika?"

Ndinali nawo asanu pansi pa belo la kaunjika, ofa zipi, amene palibe ankawafunsa mtengo. Munalinso jekete lamvula lalikulu lopanda mkono umodzi. Tinatenga zimenezo ndi matawulo anayi othothoka, n'kuthamangira kwa a Jasper, telala wa pakhonde la golosale.

"Mwawuka uli, amama?" anatilonjera m'Chitumbuka a Jasper. "Mwandibweretsera zinyalala za msika wonse?"

Amake Luso anayala zinthuzo patebulo. Pansi jekete lamvula, kuti madzi asafike pamatiresi. Pamwamba juzi, kuti mwana agone pouma. Pakati tawulo, loti lizimwa madziwo.

"Zaka makumi awiri ndikusoka," anatero a Jasper, "koma sangweji ya nsalu ndiyamba lero."

Ankafuna kusoka mbali zonse zinayi. Amake Luso anagwira gudumu la makina.

"Ayi, adada. Zitatu zokha, ikhale ngati thumba. Tawulo lizisoloka, ndiziika lina. Mukalitsekeramo lidzauma liti?"

Jeketelo linakwanira matumba atatu. Tizidutswa totsala anatidula tozungulira, toika m'kamisolo. A Jasper anatipatsa akupukusa mutu. "Yewo chomene, mwandiphunzitsa ntchito."

Usiku umenewo matiresi sanatembenuzidwe. Koma chinyezi chakale chinali chidakali m'kati mwa siponji. Lachinayi lonse kunali mawawa. Lachisanu cha m'ma leveni dzuwa linasuzumira, ndipo amake Luso, mwana ali kumsana, anakweza matiresi pamalata a bafa. Anawatsitsa kawiri mtambo utada, kawiri n'kuwakwezanso, uku akutsukuluza zovala za anthu pampopi. Nditabwera kumsika ndinawapeza ataika tsaya pamatiresi, maso ali otseka.

"Tamva nawe. Ine mphuno yanga yazolowera."

Fungo linalipo pang'ono, koma dzanja linabwera louma.

Apongozi anafika Loweruka madzulo, mayi wamfupi wovala juzi ziwiri, akudandaula kuti kuno anthu amakhala bwanji m'firiji. Atalandira moni ndi kunyamula mdzukulu, analowa kuchipinda. Anakanikiza matiresi ndi chikhatho, pakati ndi m'mbali, n'kuwanunkhiza. Anatola thumba limodzi, kulitembenuza, kulowetsamo dzanja.

"Masana aliyense amaumitsa," anatero. "Ine ndigona pompano ndi inu. Tiona kukacha."

Nanenso sindinagone. Luso analira kanayi monga mwa nthawi zonse. Ndinamva tawulo likusololedwa kawiri, ndi mawu a apongozi kamodzi: "Kwezani mutu wakewo." Kenako ziii, kupatula madontho padenga.

Kutacha ndinawapeza apongozi pakhonde atakhala pampando, akusisita chitenje chimene anagona nacho, mbali iyi ndi iyo. Amake Luso anali atagwada pambali, maso ofiira.

"Ndadzuka wouma," anatero mayiwo, ngati zawakhumudwitsa pang'ono. "Naye msana wake ndi wouma. Koma chifuwachi sichindisangalatsa. Mawa tipite naye kuchipatala."

"Chabwino, amayi. Nanga za basi?"

"Basi ndikwera ndekha, sabata ziwiri zikatha. Pakali pano inu muzichapa, ine ndizibereka mwana. Ndipo telala wanuyo asoke awiri ena. Mlamu wanu Margret ali ndi pakati, Julaye yomweyi."

Ine ndinali nditayamba kale kuganiza kuti m'belo lotsatira mupezeka majuzi angati ofa zipi. Amake Luso anawomba m'manja kuthokoza, koma sanamalize. Anayang'ana kumwamba, mtambo unali ukubwera kuchokera kutauni, ndipo anadzambatuka kukaanula majinzi.