Mtsikana Amene Ankamwetsa Mlatho

Inu amene munabwezedwapo pakhomo la maloto anu, khalani pansi mumve nkhani iyi.

Tsiku limene mtsikana wina analephera mayeso, kunja kunawala bwino ngati palibe chachitika. Anatuluka m'chipinda cha mayeso atakumbatira buku la kafukufuku wake, nakakhala pamasitepe a yunivesite, maso ali kumitambo.

Kafukufukuyo anali wofuna kudziwa chifukwa chake milatho yatsopano imachita ming'alu isanakalambe. Iye anachita monga anaphunzitsidwira. Ankatapa konkire kumalo omangira, n'kuumba timabuloko, n'kutiviika m'thanki ya madzi ku labu, kenako n'kutiphwanya ndi makina kuti aone kulimba kwake. Tonse tinali tolimba ngati mwala.

"Ndiye mukutiuza kuti konkire alibe vuto, chonsecho milatho ikung'aluka?" anafunsa pulofesa wamkulu. "Mwayeza timabuloko tosamba m'thanki. Mlathowo sumasamba m'thanki ayi. Tikupatsani mwayi umodzi wokha. Mukalepheranso, maphunziro anu athera pomwepo."

Kunyumba anapeza azakhali ake akupalasa makina osokera. Ndiwo anamulera chimwalirireni makolo ake. Anagwada pambali pawo, misozi ili chuchuchu.

"Lira mwanawe, lira," anatero azakhaliwo, phazi lisakuleka kupalasa. "Koma sendera uko, usandinyowetsere nsalu ya eni ake."

Anaseka misozi ili m'masaya. Ndipo m'kusekako munalowa ganizo.

Kumapeto kwa tauni ankamanga mlatho. Mtsikanayo anabwereka ovolosi, nakapempha ganyu, osatchula n'komwe za yunivesite. Ankadziwa kuti munthu wonyamula cholembera amaonetsedwa zokoma zokhazokha. Kapitawo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anamuponyera paipi.

"Konkire ali ngati khanda," anatero. "Akangobadwa amafuna kumwa. Uzithirira zipilalazi pamodzi ndi ziguduli zomwe tazikutirazo, zisaume."

Kuyambira pamenepo dzina lake linakhala Wapaipi.

Ntchitoyo inali yowawa. Simenti inamudya zala, msana unkachita kuyaka. Koma m'mawa uliwonse, madzi akamawazika padzuwa, kautawaleza kankaima pakati pa zipilala, ndipo iye ankaona anthu amene sanabadwe akuwoloka pamwamba pake: mkwatibwi atakweza diresi, ana a sukulu akuthamangitsana, mayi wodwala akuthamangira naye kuchipatala. Nthawi zina ankazilankhula zipilalazo monong'ona. "Imwani, ana anga. Muli ndi anthu oti muwanyamule."

Panali mnyamata woyeza malo, amene ankangokhalira kusuzumira m'makina ake a miyendo itatu atatsinzina mbali imodzi. Anzake ankamutcha Diso Limodzi. Masana ena anamuyandikira.

"Asisi, manja anuwo si a paipi. Mukubisa chiyani?"

Wapaipi anaweramira paipi yake. Kapitawo akanadziwa, akanamuthamangitsa ngati kazitape, mwayi wake n'kupita nawo.

"Inu yezani malo anu," anayankha. "Anthu sayezedwa."

"Makinawa amaona patali, mudziwe."

"Ndiye aone kuti mwaponda paipi yanga."

Mnyamatayo anadumpha, onse n'kuseka. Sanafunsenso, koma tsiku lililonse makina aja ankachedwa kutembenuka akaloza kumene kunali Wapaipi.

Miyezi inapita, yankho osaoneka. Simenti inali yabwino, mchenga woyera, amisiri odziwa ntchito. Wapaipi anayamba kuopa kuti wadzipweteketsa pachabe.

Loweruka lina, tsiku lopuma, miyendo inangomutengera kumlathoko, poti anali atazisowa zipilala zake. Geti linali lokhoma. Atasuzumira pampanda, anaona chipilala chomwe amisiri anathira konkire dzulo lake chili padzuwa lamoto. Ziguduli zinali zitauma gwa ngati zikopa. Paipi inali itapindidwa pakona, thanki ili pululu.

Anagwira waya wa mpandawo. Anakumbukira kuti zipilala zambiri ankazithira konkire Lachisanu, chifukwa Lolemba kunkabwera mabwana kudzaona mmene ntchito ikuyendera, ndipo aliyense ankafuna kuwalozera chinthu chatsopano. Loweruka ndi Lamulungu kunalibe wothirira. Timabuloko tinkapita kukamwa ku labu, pomwe khanda lenileni linkatsala ndi ludzu. Vuto silinali m'simenti. Linali m'kakonzedwe ka masiku a ntchito.

Koma kuona si umboni. Anafunika kusiya timabuloko patsinde pa zipilala kuti tiziuma limodzi nazo, ndipo zimenezo sizikanatheka popanda chilolezo. Chinsinsi chinayenera kuululika.

Lolemba anaima pakhomo la ofesi ya malata, chipewa chili m'manja, nanena zonse. Kapitawo anamuyang'anitsitsa.

"Ndiye nthawi yonseyi timadya ndi kazitape?"

"Ndinalakwa kukubisirani, bwana, mundikhululukire. Koma sindilemba dzina la munthu. Sindikufufuza inu ayi. Ndikufufuza Lachisanu."

"Bwana," anatero Diso Limodzi, amene anali atatsamira pazenera, "kazitape wake uti amene angalole simenti kumudya zala chonchi?"

"Iwe, ndani wakuitana?" anakalipa kapitawo. Kenako anapumira m'mwamba, nayang'ana zipilala panja. "Ming'alu ikabwera amatukwana ine, ngati ndimaijambula ndekha. Ika timabuloko tako. Koma paipi usaisiye."

Wapaipi anatiika, tina ta konkire wothiridwa Lachiwiri, tina ta wothiridwa Lachisanu. Nthawi itakwana anatinyamulira ku labu. Ta Lachiwiri tinalimbana ndi makina mpaka makinawo kulira. Ta Lachisanu tinagonja msanga, n'kunyenyeka ngati chigumu cha dothi.

Tsiku la mayeso achiwiri, anafotokoza zonse zimene anapeza. Atamaliza, aphunzitsi anamutulutsa kuti akambirane. Anaima m'khonde akuyang'ana fumbi likuvina m'kuwala kwa pazenera, osadziwa ngati chitsekocho chikatseguka adzakhala wophunzira kapena wothirira basi.

Chitseko chinatseguka. Pulofesa wamkulu uja anavula magalasi.

"Mwakhoza," anatero. "Ndipo tikupemphani kuti zimenezi mudzawaphunzitse anzanu akubwerawa."

Panja anapeza Diso Limodzi atavala jekete yobwereka, mikono yake yothera m'zigongono.

"Kapitawo wandituma," anatero mnyamatayo. "Akuti kuyambira tsopano tizithira konkire kumayambiriro kwa sabata, mabwana avomera."

"Ndiye uthenga wokhawo mpaka jekete?"

"Ulipo wina. Koma umenewo sananditume munthu."

Uthenga wachiwiriwo ndi chinsinsi chawo, ndipo ine sindiulula.

Kwa inu amene mwabwezedwa, amene mwakhala pamasitepe ndi ntchito yanu yokanidwa m'manja: kukanidwa si kuthera pomwepo. Mwina yankho lanu lili pamalo pomwe mukuchita napo manyazi kupondapo. Pitaniko. Detsani manja, funsaninso, yesaninso. Pukutani misozi, m'bale wanga, mtima usagwe. Dzukani.